PAINI NDI MKUNGUDZA: TIDULE UTI, TISUNGE UTI?

Acikumbi anzathu, munthu woyenda m'minda ya tiyi ya ku Thyolo aona kuti eni mindayo sadalira nkhuni za m'chire. Iwo abzala okha bulugamu woumitsira tiyi wao. Nzeru yomweyi iyenera ife alimi a cimanga ndi fodya pa nkhani ya matabwa. Tsono tiyeni tilinganize mitengo iwiri.

Woyamba ndi paini. Mtundu wake wofala kuno, wochedwa Pinus patula, kwao ndi ku Mexico. Unabzalidwa ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa. Ukula msanga, ndipo pakapita zaka 20 kapena 30 mwini aceka matabwa. Palibe mantha akuti udzatha. Pa phiri la Mulanje unafalikira wokha ngati udzu, kufikira anthu anayamba kuucotsa.

Waciwiri ndi mkungudza. Uwu si paini weni-weni, koma mbale wake. Pa dziko lonse lapansi umera wokha pa phiri la Mulanje basi. Thabwa lake linunkhira bwino, ndipo ciswe sicilidya. Ubwino umenewu ndiwo unaupalira tsoka. Boma linapatula nkhalango ya phirilo mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa pfuko lathu. Komabe maceka ndi moto wolusa sizinaleke. Mu 2017 akatswiri ofufuza anapeza mitengo yaikulu 7 yokha. Mbande zambiri-mbiri zabzalidwanso, koma zikula pang'ono-pang'ono, ndipo adzazione zitakhwima ndi adzukulu athu.

Ena anena kuti paini afumbwa msanga. Nzoona. Koma thabwa la paini likapakidwa mankhwala ndi kukhala pouma litha zaka zambiri, ndipo likaola mudula mtengo wina. Mkungudza ukatha mudzautenga kuti? Madzi akatayika saoleka.

Cifukwa cace tinena kuti: musagule thabwa la mkungudza, pakuti wogula ndiye atuma wodula. Bzalani paini wanu mvula ikakhazikika, pa mtunda wa miyala pamene cimanga cikana. Musabzale pa gwero la mtsinje, popeza paini amwa madzi ambiri. Pamenepo siyani mitengo yacibadwidwe. Lambulani m'mphepete moto usanayambe. Za mbande funsani Mlangizi wanu.