Mantha nawo ndi gawo la nthenda

Ambirife tili ndi agogo amene utsi wa nkhuni unawawononga mapapo, kapena amalume amene TB inawasiyira zipsera m'chifuwa. Mu 2019, nthenda yosachizika ya m'mapapo yotchedwa COPD inapha anthu opitirira 3 miliyoni padziko lonse.

Chifuwa timachimva, koma mantha sitiwaona. Wodwala akayamba kubanika, ganizo limamufikira lakuti, "Ndikufa basi." Mtima umagunda kwambiri, kupuma kumafulumira, ndipo kubanikako kumakula. Mawa lake amaopa kuyenda ngakhale pabwalo. Minofu imafooka, ndipo wefuwefu amadza msanga kuposa kale.

Uphungu wotchedwa CBT, umene dokotala wa ku America Aaron Beck anaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1960, umalimbana ndi mantha amenewa. Mlangizi amathandiza wodwala kudzifunsa kuti, "Ndi kangati ndabanika chonchi, kenako n'kupeza bwino?" Wodwalayo amaphunziranso kutulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati wouzira phala lotentha, ndi kuwonjezera mtunda woyenda pang'ono ndi pang'ono. Uphunguwu suchiza mapapo ndipo sulowa m'malo mwa mankhwala, koma umachepetsa nkhawa.

Choncho tileke kuuza odwala kuti azingogona, kapena kuti mantha awo ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Mawu otere amawonjezera manyazi pa ululu. Tikapita kukawazonda, timvetsere zimene akuopa, tiyende nawo pang'ono, ndipo tiwalimbikitse kutchula manthawo kwa adokotala. Koma kubanika kukafika posazolowereka, tithamangire nawo kuchipatala.