Turbo siimafa chabe: yambani mwapima musanagule ina

Mu magalaji a mu komboni, kuchokela ku Chawama mpaka ku Matero, kuli chigamulo chimene chimatuluka mwamsanga maningi: "Turbo yafa, boss." Motoka ikangotaya mphamvu pokwela, kapena kutulutsa utsi wakuda, mlandu wagwela turbo. Mwini wake athamangila kukagula ina yakale, ndalama ya lendi yapita. Pakapita masabata, vuto yabwela futi. Ife tikuti kuchosa turbo usanapime ni njuga, ndipo amene amaluza ni ife bene, ma dilaiva, ma kondakita na mabanja amene amadyela pa motoka ija.

Turbo za kudala zinali zosavuta. Koma injini monga 1KD ya mu Hilux na Hiace, kapena YD25 ya mu Navara D40, ili na turbo ya tumapiko mkati, tuja ma vane, tozungulila fani ya ku exhaust. Injini ikamayenda pang'ono, tumapiko timachepesa njila, utsi umathamanga monga madzi ukafinya kukamwa kwa paipi, ndipo turbo imayamba kukankha mphepo mwamsanga. Ukaponda maningi, timatseguka kuti mphepo isapitilile. Chimene chimatisuntha ni actuator: pa 1KD ni ka mota ka magetsi, pa ma injini ena ni vacuum.

Mdani wa tumapiko utu ni mwaye. Ganizilani mwamene motoka zimayendela mu Lusaka: kukwawa mu jam ya pa Lumumba Road, kuimilila pa siteshoni injini ilikulila kuyembekeza kuti basi idzale. Injini siimapeza mpata wothamanga bwino, mwaye umaunjikana, tumapiko timagwila. Tikagwila totseka, mphepo imapitilila, kompyuta imadula mphamvu kuti iteteze injini, ndipo pa scanner pamaoneka P0234. Tikagwila totseguka, motoka imakhala yaulesi ponyamuka, ndipo kodi imakhala P0299. Turbo yotele ikhoza kukhala yamoyo, ifuna chabe kumasula na kutsuka.

Bena amati vuto ni dizilo. Kudala izi zinali na mutu, koma kuyambila mu 2023 paipi ya TAZAMA imabweletsa dizilo wa sulphur yochepa kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Ngati sitigula wa mu vigubu m'mbali mwa mseu, tiyeni tiyang'ane kwina.

Yambani na votchipa. Ikani scanner muwelenge kodi. Onani air filter, cifukwa fumbi ya mu Kanyama na George siimaseka. Gwilani mapaipi a ku intercooler: ka mng'alu kamodzi kapena clamp yomasuka imabweletsa P0299 turbo ili bwino. Onani tumapaipi twa vacuum, mawaya a actuator, sensor ya boost na EGR ngati vadzala mwaye. Injini itazima ndipo itazizila, masulani ka nkono ka actuator muone ngati tumapiko tiyenda popanda kugwila. Ngati shaft igwedezeka mpaka fani kukhudza m'mbali, oilo ilikutayika na utsi wa buluu, apo turbo yafadi. Koma funsani chimene chaipha. Chintu chimene chimazungulila kupitilila 100,000 pa mphindi chimadalila oilo yoyela. Turbo yatsopano pa paipi ya oilo yotsekeka izafa monga inzake.

Tidziwa yankho ya bamakanika: scanner ni ndalama, ndipo kasitomala safuna kulipila kupima, afuna kuona spana ikugwila nchito. Ni zoona, ndipo apa mlandu ni wathu tonse. Timakana kulipila ola imodzi ya kupima, koma timavomela kugula turbo yonse. Kuganiza nakonso ni nchito. Ndipo tuma scanner tolumikiza ku foni tilipo, galaji zitatu zoyandikana zingasonkhe na kugula imodzi yabwino. Chimene sitingavomele ni kumanga actuator na waya kuti "iyendeko chabe". Uko ni kugulitsa injini pang'ono pang'ono.

Kwa imwe bafana amene muphunzila spana, kaya pansi pa mtengo ku Mtendere kapena mu koleji ya TEVETA: motoka zimene zilikubwela ni za mawaya na masensa. Wodziwa kupima ndiye azadya. Ndipo imwe eni motoka, bakakuuzani kuti turbo yafa, funsani funso imodzi: "Mwapima chani, bamakanika?"