Nkhalango za Lilongwe zikusowa oyendamo

Munthu wa ku Chipasula ukamuuza kuti Loweruka akapitidwe mphepo m'nkhalango, amakuyang'ana ngati wamunyoza. Sabata yonse wakhala akupondaponda wapansi kudzera ku Kawale mpaka m'tauni poti ya minibasi yasowa, ndiye alipirenso pachipata kuti ayende? "Zimenezo n'za azungu," amatero. Mawuwa ndi omveka, koma ine ndikuona kuti akutitayitsa mitengo yambiri, chifukwa asiya nkhalango m'manja mwa okhawo amene amalowamo ndi nkhwangwa.

Pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango ya Nature Sanctuary, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, mmene a Lilongwe Wildlife Centre analambula tinjira toyendamo. Kuyenda kwa mmenemo n'kosiyana ndi kwa pamsewu, pomwe maso amakhala pa njinga za kabaza, fumbi lili m'mphuno, mtima uli pa bwana amene akuyang'ana wotchi. M'katimo ngakhale mu Okutobala mumazizira, apusi akudumpha m'nthambi, madzi akumveka chapansipo. Wodwala shuga kapena BP amene kuchipatala anamuuza kuti aziyenda amapezamo njira yopanda galimoto, ndipo mwana wasukulu amaona ndi maso mitengo imene amangoiloweza pokonzekera mayeso.

Koma phindu lalikulu limapita kwa nkhalangoyo. Taonani nkhalango ya Dzalanyama. Inatetezedwa ndi boma kuyambira mu 1922, ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, madzi omwewo amene amayi amatunga pa kiyosiki m'mawa. N'kwawonso kwa Kaphirintiwa, kumene makolo a Achewa ankati anthu oyamba anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. Komabe ambiri a ife Dzalanyama timaidziwira pa matumba a makala omangidwa atatuatatu panjinga. Mu 2015 boma linatumizako asilikali, koma makala sanaleke kubwera, ndipo sindingaloze chala mayi wokoleza mbaula magetsi atathima. Msilikali amakhala kwa kanthawi n'kusamutsidwa. Koma gulu loyendamo mwezi ndi mwezi limazindikira chitsa chimene mwezi watha chinali mtengo, limaona uvuni ukufuka, limajambula pa foni n'kufunsa mafunso. Mnyamata wa m'mudzi wapafupi akalandira kangachepe powatsogolera, mtengo woima umayamba kumudyetsa.

Ena amati khamu likazolowera nkhalango limabwera ndi majumbo, mabotolo ndi moto. N'zoona, ndipo ife ndi majumbo sitisiyana. Koma njira yolambulidwa imasunga mapazi pamalo amodzi, ndipo zinyalala zimatoleka, pamene mtengo wa mbawa wodulidwa kuti ubwerere pamafunika zaka makumimakumi. Dandaulo lolemera ndi la ndalama: banja la ana anayi likaphatikiza ya pachipata ndi ya minibasi, ulendo wathera pakhomo. Apa oyang'anira malowa aganizepo zoika tsiku limodzi pamwezi la mtengo wotsika kwambiri kwa anthu a m'makomboni. Nayo khonsolo ya mzinda isadikire nkhalango yokhala ndi mpanda. Mtsinje wa Lilongwe umadutsa pafupi ndi Kawale, mtunda woti wa ku Chipasula n'kufika wapansi, ndipo magombe ake akanabzalidwa mitengo n'kulambulidwa njira. Pakadali pano amene akupezekako tsiku ndi tsiku ndi okumba mchenga.