Palibe Wotifunsa Kuti Zinayamba Liti

Ife tikulembafe ndife anthu a kumudzi amene mitu yathu sigwira zinthu. Tateleka nyemba, tapita kumjigo, pobwera mphika wapserera. Kumsika timabweza chenji chopitirira. Ku banki mkhonde chindapusa sichitiphonya chifukwa choiwala tsiku. Kunyumba akuti ndi ulesi, ena akuti tinalodzedwa.

Komatu sitili ofanana. Ena tinakula nazo. Kuyambira Sitandade 1 sitinkakhazikika m'kalasi, makope kutaya, zikwapu, kubwereza mpaka kusiya sukulu. Chonsecho munthu yemweyo akakhala pa bawo kapena pa makina osokera amaiwala ndi nsima yomwe. Tamva kuti vutoli amalitcha ADHD, ndipo limaonekera mwana asanakwanitse zaka 12. Enafe tinali bwinobwino. Zinatiyamba kuukulu, titaika maliro, banja litatha, kapena titangobereka. Tulo timatha pakati pa usiku, chakudya sichikoma, kwaya imene tinkaikonda sitiifunanso. Zimenezi zikapitirira milungu iwiri akuti ndi matenda okhumudwa. Alipo anzathu amene asenza zonse ziwiri.

Tsiku la kuchipatala timadzuka tambala woyamba, kabaza wangongole, pamzere mpaka dzuwa lifike pamutu. Ukalowa akuyeza malungo, sawapeza, akulembera panado m'kabuku, basi: "Musamaganize kwambiri, mayi." Wamwayi amapatsidwa amitriptyline. Wokhumudwa amapezako bwino ngakhale kukamwa kumauma, koma ife okula nazo timangoodzera khasu lili m'manja. Mwezi wotsatira akuti mankhwala atha. Odziwa za matendawa ali ku Zomba, ku Lilongwe, ku Mzuzu. Kuti ukafike, mbuzi igulitsidwe, wokuperekeza nayenso adye, kumunda udzu ukukula.

Sikuti tangopinda manja. Timalemba masiku pakhoma ndi khala, timatuma ana kutikumbutsa, timagwira ntchito imodzi mpaka ithe tisanayambe ina. Amene ali ndi foni amatchera alamu, koma kutchaja n'kolipiranso.

Mutikhululukire, sitinazolowere kukweza mawu pamaso pa akuluakulu, koma mtima ukutiwawa. Kufunsa munthu kuti "zinayamba liti, muli mwana kapena chaka chatha?" kumafuna magetsi? Kumafuna galimoto? Phunzitsani alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi kufunsa funsoli, chifukwa ana athu ayamba kale kukwapulidwa pa mlandu womwe tinakwapulidwira ife.