Musataye Kernel Yakale Musanayese Yatsopano



M'makomo, m'masukulu ndi m'timaofesi tambiri ta kuno kunyanja muli makompyuta ogula ogwiritsidwa kale ntchito, ena olandira kwa achibale okhala ku South Africa. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idathetsa chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10, pamene Windows 11 imakana makina amene alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Njira imodzi yopulumutsira makina otere ndiyo kuikamo Linux, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino ngakhale pa kompyuta yokalamba.

Koma Linux nayo ili ndi tsiku lake lofuna kusamala. Ili ndi tsiku limene kompyuta imakuuzani kuti kwabwera kernel yatsopano. Mwana amangodina kuvomera, kompyuta nkuzima, nkuyakanso, koma wifi osaoneka, mawu osamveka, mwinanso sikirini ili bii. M'katimo muli mayeso a ana, kaundula wa ngongole za pa golosale ndi zithunzi za ukwati. Lero tikambirane chimene chimachititsa zimenezi ndi m'mene tingazipewere.

Kernel n'chiyani?

Kernel ndiwo mtima wa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Siioneka ndi maso, koma palibe chimene chimachitika popanda iyo. Mukadina chilembo pa kiyibodi, ndiyo imayamba kulandira uthengawo. Mukasunga kalata, ndiyo imailemba pa disiki. Mapulogalamu awiri akamalimbirana mphamvu za makina, ndiyo imagawa monga achitira kapitawo pa ntchito.

Kernel ya Linux adaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki. Mu 1992 adaiika pansi pa chilolezo chotchedwa GPL, chimene chimalola munthu aliyense kuona m'mene idalembedwera, kuikonza ndi kugawira ena, bola asawabisire zimene wasinthazo. Mtundu wa 1.0 udatuluka mu Malichi 1994, wa 5.0 mu 2019, wa 6.0 mu Okutobala 2022. Anthu zikwi zingapo m'maiko osiyanasiyana amailemba pamodzi, ndipo mtundu watsopano umatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 alionse. Ngakhale foni za Android zimene zili m'matumba mwathu zimayendera kernel yomweyi.

Nkhani yagona pa omasulira

Taganizani za bwalo la milandu kumene kwabwera Myao, Mtonga ndi Msena, aliyense wolankhula chinenero chake chokha. Mfumu singaweruze popanda omasulira. M'kompyuta mulinso chimodzimodzi. Khadi ya wifi, kachipangizo kotulutsa mawu, kamera ndi khadi yoonetsa zithunzi pa sikirini, chilichonse chimamva chinenero cha kampani imene idachipanga. Womasulira wa pakati pa kernel ndi chipangizo amatchedwa driver.

Madriver ambiri amakhala m'kati mwa kernel momwemo, ndipo ndiwo amapanga gawo lalikulu la zolembedwa zake. Olemba kernel akasintha kayendetsedwe ka m'kati, amakonzeratu madriver onsewa nthawi imodzi. N'chifukwa chake pa makina ambiri kusintha kernel kumangodutsa popanda chovuta. Torvalds ali ndi lamulo lolimba lakuti pulogalamu imene inkagwira ntchito dzulo isaleke kugwira chifukwa cha kernel ya lero, ndipo kusintha kumene kwaphwanya lamuloli kumabwezedwa.

Koma lonjezo limeneli silifika kwa madriver okhala kunja kwa kernel, amene makampani ena amasunga okha. Odziwika ndi a makhadi a zithunzi a NVIDIA, a wifi ina ya Broadcom, ndi a timawifi tina totchipa tolowetsa pa USB tokhala ndi zipangizo za Realtek. Amenewa amayenera kumangidwanso nthawi iliyonse kernel ikasintha. Pali pulogalamu yotchedwa DKMS, imene idachokera ku kampani ya Dell, yochita ntchitoyi yokha. Koma imafuna mafayilo otchedwa headers ofanana nambala ndi kernel yatsopanoyo, ndipo driver ikakhala yakale kwambiri kumangako kumalephera. Apo mfumu yafika pabwalo koma womasulira watsala kumudzi.

Palinso firmware, kapulogalamu kamene driver imalowetsa m'chipangizo chenichenicho kuti chidzuke. Nthawi zina driver yatsopano imafuna firmware yatsopano, ndipo ikasowa chipangizocho chimangokhala duu.

Zimene zidachitikapo

Izi si nthano zoopsezera ana. Mu 2008, pamene kernel 2.6.27 inali kuyesedwa, cholakwika china chidawononga zolembedwa za m'kati mwa makhadi ena a netiweki a Intel, moti makhadiwo adaleka kugwira ntchito ngakhale atabwerera ku kernel yakale. Ovutika anali amene adathamangira mitundu yoyeserera.

Kumapeto kwa 2017, driver ina ya m'kernel ya Ubuntu 17.10 idasokoneza BIOS, kapulogalamu kodzutsa makina, pa malaputopu ena a Lenovo. Kampani ya Canonical idayamba yaimitsa kugawa mtunduwo mpaka idatulutsa wokonzedwa mu Januwale 2018.

Mu Okutobala 2022, kernel 5.19.12 idayambitsa kuthwanima koyera pa malaputopu ena okhala ndi zithunzi za Intel. Katswiri wa kampaniyo adachenjeza kuti sikirini ingathe kuwonongeka, ndipo 5.19.13 idatulutsidwa mwamsanga kuti ichotse cholakwikacho.

Chitsanzo chofunika kwambiri ndi cha Disembala 2023. Kernel 6.1.64 idapezeka ndi cholakwika chotha kuwononga mafayilo osungidwa pa disiki ya mtundu wa ext4. A Debian, amene amadziwika ndi kudekha, adaimitsa mtundu wawo wa 12.3 nachenjeza anthu kuti ayambe adikira, kenaka adatulutsa 12.4 pa 10 Disembala. Apa tikuphunzira kuti ngakhale oyenda mosamala amapunthwa. Ndiye chifukwa chake mafayilo ofunika sayenera kukhala malo amodzi okha.

Kodi tingoleka kusintha?

Ayi. Kernel yosasinthidwa ili ngati chitseko chimene akuba adadziwa kale potsegulira. Zambiri mwa zosintha zimabwera kudzatseka mipata yotere, ndipo kompyuta yolowa pa intaneti imazifuna. Funso ndi lakuti tisinthire ku iti, ndiponso motani.

Chaka chilichonse mtundu umodzi wa kernel umasankhidwa kuti usamalidwe nthawi yaitali, ndipo umatchedwa LTS. Otere ndi 6.1 wa mu 2022, 6.6 wa mu 2023 ndi 6.12 wa mu 2024. Debian 12 idamangidwa pa 6.1, Debian 13 pa 6.12. Ubuntu nayo imatulutsa mtundu wa nthawi yaitali mu Epulo pakatha zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndi kuusamalira zaka 5. Linux Mint imamangidwa pa mitundu imeneyi.

Langizo la pabanja ndi ili: landirani kernel imene ikubwera kudzera mu update ya Linux yanu, musakatenge nokha ya nambala yaikulu chifukwa choti mwaimva kwa anzanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofunikadi kernel yatsopano kwambiri ndi amene wagula chipangizo chatsopano chimene kernel yake siikuchidziwa. Ngakhale iyeyo ali ndi njira yoyesedwa kale: pa Ubuntu imatchedwa HWE, pa Debian backports.

Musanadine batani

Choyamba, koperani mafayilo ofunika pa fulashi kapena disiki ina, ndi kuichotsa pa kompyuta. Okhala ndi Linux Mint agwiritsenso ntchito Timeshift, imene imasunga chithunzi cha m'mene pulogalamu yonse ilili kuti mudzathe kubwererako. Koma dziwani kuti Timeshift mwachizolowezi siisunga makalata ndi zithunzi zanu.

Chachiwiri, dziwani zimene muli nazo. Tsegulani Terminal ndi kulemba "uname -r". Ikuuzani nambala ya kernel imene ikuyenda. Lembaninso "lspci -k" kuti muone zipangizo za m'kati ndi driver ya chilichonse, ndi "lsusb" kuti muone zolowetsa pa USB. Zimenezi zilembeni m'kope kapena zijambuleni ndi foni. Mukaona dzina la NVIDIA kapena Broadcom, dziwani kuti mukuyenera kusamala kwambiri.

Chachitatu, sankhani nthawi. Magetsi kuthima kernel ili pakati polowa kungasiye kompyuta yosatha kudzuka. Laputopu ikhale yodzaza batire ndi yolumikiza ku magetsi. Bandulo ya intaneti ikhale yokwana, poti kernel pamodzi ndi firmware zingadye mamegabaiti mazana angapo. Ndipo musasinthe usiku woti mawa lake kuli mayeso kapena malipiro a antchito. Msodzi sayesera injini yatsopano pakati pa nyanja mwera ukuwomba. Amayamba waiyendetsa m'mbali, nkhafi zili m'bwato.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu: musachotse kernel yakale. Ubuntu, Mint ndi Debian zimaika yatsopano pambali pa yakale, osati pamwamba pake. Ena amafulumira kufafaniza yakaleyo pofuna malo. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri. Yesani wifi, mawu, kamera, mabowo a USB, ndiponso ngati laputopu ikudzuka mukaitseka ndi kuitsegulanso.

Zikavuta mutani?

Musathamangire kufafaniza zonse ndi kuikanso Linux mwatsopano. Apo ndi pamene anthu ambiri amatayira mafayilo amene sadawonongeke n'komwe. Zimitsani kompyuta, yatsaninso, ndipo ikamadzuka gwirani batani la Shift pa makina akale, kapena dinani Esc pa atsopano. Pabwera mndandanda wotchedwa GRUB. Sankhani mzere woyamba ndi mawu akuti "Advanced options", kenaka sankhani kernel ya nambala imene mudalemba m'kope ija. Zonse zikabwerera m'malo mwake, mwadziwa kuti chipangizo chanu n'chamoyo, vuto lili pa womasulira.

Ngati yatha ndi wifi yokha, lumikizani foni ya Android ku kompyuta ndi chingwe ndi kutsegula USB tethering. Driver yake ili kale m'kernel, choncho intaneti ibwera ndipo mudzatha kutenga headers kapena firmware yosowayo. Ngati sikirini ili yakuda, pa GRUB dinani chilembo e ndi kuwonjezera liwu lakuti "nomodeset" kumapeto kwa mzere woyamba ndi "linux", kenaka dinani F10. Zithunzi sizikhala zokongola, koma mudzatha kulowa ndi kukonza. Lamulo lakuti "sudo dmesg" limaonetsa zimene kernel idanena podzuka, ndipo kawirikawiri limatchula dzina la firmware imene yasowa. Pa makina okhala ndi Secure Boot, driver ya kunja imathanso kukanidwa chifukwa chosasainidwa.

Mukapita kwa wokonza makompyuta, pitani ndi kope lija. Kunena kuti "yawonongeka" sikuthandiza. Kunena kuti khadi yakutiyakuti inkayenda pa kernel iyi koma yaleka pa iyo kumafupikitsa ntchito ndi mtengo womwe. Musachite manyazi kufunsa: safunsa adadya phula.

Makina okalamba ali ndi malire

Tinene zoona, Linux siisunga chipangizo chilichonse mpaka kalekale. Mu 2013, kernel 3.8 idasiya Intel 386, mtundu wa makina umene Torvalds adayambirapo ntchito yonseyi. Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 ilibenso kernel ya makompyuta a 32-bit a mtundu wa x86. NVIDIA idaleka kusamalira madriver ake a 340 kumapeto kwa 2019 ndi a 390 kumapeto kwa 2022, moti eni makhadi akalewo kawirikawiri amadalira driver yaulere ya nouveau imene ili m'kernel.

Choncho bambo kapena mayi wofuna kugulira ana kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito atenge fulashi yokhala ndi Linux. Linux imatha kuyenda kuchokera pa fulashi popanda kukhudza disiki. Pemphani wogulitsa kuti muiyese pomwepo. Lamulo lakuti "lscpu" lidzakuuzani ngati makinawo ali a 64-bit. Wifi, mawu ndi sikirini zikayenda, gulani. Wogulitsa akakana kuti muyese, ndalama zanu zibwerere m'thumba.

Makolo, kompyuta ya pakhomo ikhale ndi munthu mmodzi wovomereza zosintha, ndipo kope lake likhale pafupi. Ana aphunzitsidwe kuti uthenga wa update ukabwera ayambe auza wamkuluyo, ndi kuti kernel yakale siichotsedwa mpaka yatsopano itayesedwa.

Tikumanenso m'kope likudzalo, Insha Allah. Wassalam.