Za Mizu ya Mtengo ndi Makalata a Boma



Mwezi uno, pamene dzuwa la malimwe lili kung'amba makande m'madambo mwathu, tifuna kukamba nanu za mlandu wa kutali, wa ku England. Pakuti ena a ana athu ali kumeneko pa nchito, ndiponso m'mlanduwo muli nzeru yoyenera banja lililonse la Chikristu.

Mbali yaikulu ya mzinda wa London inamangidwa pa dongo la khalidwe longa la makande athu: likamwa madzi litupa, likauma lifota. M'mbali mwa miseu yache anthu akale anaokamo mitengo yambiri ya mthunzi, makamaka wina umene iwo autcha plane. Tsono zikafika zaka za chirala, monga 1976, 2003, 2018 ndi 2022, mizu ya mitengoyo imwa chinyezi chonse cha m'dongo, ngakhale cha pansi pa nyumba zomwe. Mizu siboola khoma iai. Koma dongo likafota, maziko atitimira mbali imodzi, khoma ling'ambika, zitseko nizikana kutsekeka. Ndipo popeza mwini wache wa mtengo wa m'mseu ndiye khonsolo ya mzinda, mwini nyumba, kapena kampani ya inshuransi imene inamlipirira, adza kwa khonsolo kudzaitanitsa ndalama.

Imvani mlandu umodzi umene unamveka dziko lonselo. M'dera la Maida Vale muli nyumba zazikulu za mabanja ambiri zotchedwa Delaware Mansions. M'chaka cha 1989, chimene chinali chouma, makoma ache anayamba ming'alu. M'chaka chotsatira amisiri anafufuza, napeza kuti mwini mlandu ndi mtengo umodzi wa plane umene unali pa mseu, ndipo khonsolo ya Westminster inauzidwa zimenezi. Mtengowo ukadadulidwa, kukonza ming'alu kukadadya mapaundi ngati 14,000 okha. Koma khonsolo inakana kuudula. Pamenepo eni nyumba anakumba pansi pa maziko nathiramo konkire, ndipo nchitoyo inadya mapaundi oposa 570,000. M'chaka cha 2001 aweruzi a House of Lords, limene masiku amenewo linali bwalo lalikulu loposa onse, anagamula kuti khonsolo ibweze ndalama zimenezo. Anatinso mwini mtengo ayenera kuyamba wauzidwa ndi kupatsidwa nthawi yokonza choipacho. Koma amene anauzidwa nakhala chete, asenze yekha katundu wache.

Taonani tsono kuti mtima wa mlandu wotere uli pa funso limodzi: kodi mwini mtengo anadziwa liti, ndipo atadziwa anachitanji? Funso limeneli pakamwa sipangaliyankhe, pakuti anthu aiwala, ena asamuka, ena afa. Chiliyankha ndi kalata yosungidwa.

Chifukwa chache lamulo lina la dzikolo, lotchedwa Freedom of Information Act, lathandiza anthu wamba kwambiri. Linapangidwa m'chaka cha 2000, niliyamba kugwira nchito yache yonse pa 1 January 2005. Mwa lamulo limeneli munthu aliyense, ngakhale mlendo, akhoza kulembera khonsolo, natchula dzina lache ndi keyala yache, napempha zolembedwa zimene afuna, wosanena chifukwa chofunira. Ndipo khonsolo iyenera kuyankha asanathe masiku 20 a nchito. Anthu afunsa motere: Chaka chakuti munalandira madandaulo angati a nyumba zotitimira? Munalipira ndalama zingati? Munadula mitengo ingati, ndipo ya mu mseu wakuti munaisadza liti? Zilipo zina zimene khonsolo iloledwa kubisa, monga maina a anthu odandaula ndi uphungu wa maloya ache. Ikhozanso kukana ngati kufunafuna mapepalawo kungadye mapaundi oposa 450. Koma wokanidwa popanda chifukwa ali ndi kokadandaula, kwa mkulu wotchedwa Information Commissioner.

Musayese kuti ofunsa onse ndi adani a mitengo. Ena ndi eni nyumba ofuna chilungamo. Koma ena ndi okonda mthunzi, amene aopa kuti khonsolo, pochita mantha ndi milandu, ingadule mitengo yosalakwa. Pakuti si mng'alu uliwonse uchokera ku mizu. Amisiri oona ayamba akumba dzenje pafupi ndi maziko, natenga timizu kukaona kuti ndi ta mtengo wanji, nayesa kuuma kwa dongo, nayang'anira mng'alu miyezi yambiri: ukayasama m'chilimwe ndi kutsekeka mvula itabwera, pamenepo mtengo uli ndi mlandu. Chotero kalata yosungidwa iteteza onse awiri, nyumba ya mmphawi ndi mtengo wonamiziridwa.

Nanga ife kuno? Lamulo lofanana nalo lilipo m'Malawi muno, lotchedwa Access to Information Act, limene linayamba kugwira nchito pa 30 September 2020, ndipo oliyang'anira ndi a bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ngati mtengo wa pa malo a Boma uli kuononga nyumba yanu, musangong'ung'udza pa bwalo. Lembani kalata, ikani tsiku lache, sungani inzache m'bokosi limene musungamo kalata ya ubatizo. Yankho likachedwa, muli nayo mphamvu yofunsa chimene chinalembedwa pa dandaulo lanu.

Koma milandu yathu yambiri siili ndi Boma iai, ili pakati pa ife tokha: bulugamu wa uje pa malire, ndi nyumba ya njerwa ya mnansi wache imene anaimanga ndi ndalama za fodya wa zaka zitatu. Pa ichi tikulangizani zinthu zinai.

Choyamba, pa nthaka ya makande musaoke mitengo yaludzu, monga bulugamu, pafupi ndi nyumba. Italikire monga msinkhu umene mtengowo udzafika utakula. Pa nthaka ya mchenga bvutoli lichepa.

Chachiwiri, mukaona mng'alu musathamangire nkhwangwa. Yambani mwaona ngati si chiswe, kapena maziko osaya, kapena madzi a pa denga ogwera m'tsinde mwa khoma. Lembani chizindikiro pa mng'aluwo, nimuuyang'anire kufikira dzinja.

Chachitatu, mukatsimikiza kuti ndi mizu, pitani msanga kwa mwini mtengo mwaulemu, pamodzi ndi mboni ziwiri. Akakana, pitani kwa amfumu, ndipo mau onse alembedwe. Kumsungira mnzanu mkwiyo zaka zisanu, osamuuza kanthu, ndi kudzamdzidzimutsa ndi mlandu waukulu, si chilungamo.

Chachinai, inu eni mitengo, mukauzidwa musaumitse mtima. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu silinena za mbala ya usiku yokha, komanso za munthu amene aononga chuma cha mnzache alikudziwa, wosafuna kubwezera. Ndipo inu odandaula, kumbukirani lachisanu ndi chitatu, musanamizire mtengo wa munthu chifukwa cha chidani chakale.

Makolo athu anati mlandu suola. Khonsolo ija inakana chaching'ono, nidzalipira chachikulu patapita zaka khumi ndi chimodzi. Tiyeni ife tikonze zathu mng'alu ukali waung'ono, kuti pa tsiku la Mulungu tikagwade pa benchi limodzi ndi mnansi wathu popanda chotsalira mumtima.

Mulungu adalitse nyumba zanu ndi mithunzi yanu.