Mwana asayambirenso chaka choyamba

Sabata ino talandira kalata yochokera kwa mayi wina wa kwa Dzoole m'boma la Dowa, ndipo yatiwawa mtima. Mwana wawo adaphunzira zaka ziwiri pa koleji ina ya boma, makozi onse adakhoza. Bambo a m'nyumbamo atadwala, mnyamatayo adapempha kusamukira ku sukulu ina ya boma ya kufupi ndi kwawo. Adamuuza kuti alembetsenso, ayambire chaka choyamba. Mabelo a fodya ndi matumba a soya amene banjalo lidagulitsa kuti fizi ya zaka ziwirizo ipezeke angolowa m'madzi.

Tikudziwa kuti maphunziro a zaulimi a ku Bunda si amodzi ndi a uinjiniya a ku MUBAS, ndipo yunivesite iliyonse iyenera kusamala mbiri ya digiri yake. Pamenepo sitikutsutsa.

Koma nanga masamu a chaka choyamba amasintha mtundu akawoloka Linthipe? Mpaka mu 2021, Chancellor College, Polytechnic, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinali nthambi za University of Malawi imodzi. Lero UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, zomwe zidachokera m'nthambizo, pamodzi ndi LUANAR, MUST ndi Mzuni, zonse zimadya msonkho wa mlimi yemweyo. Bungwe la NCHE, lomwe lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 2011, ndilo limayendera ndi kuvomereza maphunziro a m'sukuluzi. Kozi imene NCHE yavomereza kuno ikanidwe bwanji uko? Boma limalipira kawiri phunziro limodzi, kholo limalipira kawiri, ngongole ya mwana ku bungwe la ngongole za ophunzira imakula, ndipo malo amene wobwerezayo wakhalapo akadakhala a mwana wina wochokera ku sekondale.

Ku South Africa bungwe la SAQA lidatulutsa ndondomeko yosamutsira makozi amene wophunzira wakhoza mu 2014. Si zamatsenga ayi.

Takhala tikudandaula patsamba lino za misonkhano yosatha ya akuluakulu, ndipo tibwerezanso. Pa Mponela pompo, pakhomo pa anthu a kwa Dzoole, magalimoto a boma amadzaza m'malo ogona alendo sabata ndi sabata. Anthu amasaina maalawansi, amadya nkhuku, amajambulitsa, nkhani ngati iyi n'kuthera m'mafayilo. Mayi amene watilembera uja amadutsa pamagalimoto omwewo akupita kukagulitsa mtedza. Manyazi mulibe kodi?

A Nduna a zamaphunziro ndi inu aphungu olemekezeka, malangizo ongopempha sukulu kuti zizimverana chisoni atikwana. Tikufuna lamulo lokakamiza: kozi yovomerezeka imene mwana wakhoza pa sukulu ya boma iwerengedwe pa inzake, yokana ilembe chifukwa chake, ndipo wokanidwa akhale ndi kokadandaula. Aphungu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ana ovutikawa ndi a anthu amene adakuvoterani. Nyumba ya Malamulo ikakumananso, imirirani muifunse nkhaniyi, ife tidzakhala tikumvetsera.